Kutuluka kapena kukhalabe: mmene mungayesere mfundo pa mtsutso ngati wa Brexit

Pa 23 Juni 2016 anthu a ku United Kingdom anafunsidwa ngati dziko lawo likhalebe mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU kapena lituluke. Anthu 17,410,742 anati lituluke, 16,141,241 anati likhalebe, kutanthauza 51.9 peresenti kwa 48.1. Dzikolo linali mu mgwirizanowo kuyambira 1973. Voti inatenga tsiku limodzi, koma kutuluka kwenikweni, kumene kumatchedwa Brexit, kunachitika pa 31 Januwale 2020, ndipo malamulo atsopano a malonda anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021. Zaka zinayi ndi theka zapakatipo zinathera pa mafunso amene anayenera kufunsidwa anthu asanavote.

Malangizowa ndi a inu aphunzitsi okonzekeretsa ophunzira mtsutso, atolankhani, oyendetsa mapulogalamu a pa wailesi, komanso aliyense wofuna kumva nkhaniyi popanda kukokedwa ndi wofuula kwambiri. Nkhani yotere si ya ku Ulaya kokha. Mali, Burkina Faso ndi Niger anatuluka mu ECOWAS, mgwirizano wa mayiko a kumadzulo kwa Africa, mu Januwale 2025, Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndipo Nyasaland inali mu Chitaganya chimene chinatha pa 31 Disembala 1963. Tikugwiritsa ntchito Brexit chifukwa zonena za mbali zonse zinalembedwa, ndipo papita nthawi yokwanira kuti tione zimene zinachitikadi.

Yambani ndi kumasula mtolo

Mgwirizano ngati EU ndi mapangano angapo omangidwa pamodzi. Musanamvere mbali iliyonse, lembani papepala zigawo zake. Choyamba ndi msika umodzi: katundu, ntchito zothandiza anthu monga za mabanki ndi inshuwaransi, ndalama ndiponso anthu zimayenda momasuka, ndipo malamulo a kapangidwe ka katundu ndi ofanana. Chachiwiri ndi mgwirizano wa msonkho wa kasitomu: mayiko onse amalipiritsa msonkho wofanana pa katundu wochokera kunja, choncho palibe dziko lomwe lingakambirane palokha za msonkho ndi mayiko ena. Pali bajeti imene aliyense amasonkherako, khothi la mgwirizanowo limene lili ku Luxembourg, ndalama ya euro, ndi pangano la Schengen loyenda popanda kuonetsa pasipoti pamalire. United Kingdom sinali mu euro kapena mu Schengen. Wina akamanena za "kutaya ndalama yathu" pa nkhani ya Brexit, dziwani kuti wasokoneza zigawo.

Funso lalikulu: mukatuluka mukupita kuti?

Apa ndi pomwe mtsutso wa 2016 unalephera, ndipo ndi pomwe muyenera kuthera nthawi yambiri. Mawu akuti "tikhalebe" amanena za chinthu chimodzi chodziwika. Mawu akuti "tituluke" amabisa njira zingapo zosiyana kwambiri, ndipo anthu ofuna njira zotsutsana anaponya voti m'bokosi limodzi.

Funsani wolankhulayo kuti asankhe. Kodi akufuna njira ya Norway? Norway si membala wa EU koma ili mu msika umodzi: imagulitsa momasuka, imalipira ndalama, imalola nzika za EU kubwera kudzagwira ntchito, ndipo imatsatira malamulo a msikawo popanda voti pokhazikitsa malamulowo. Kodi akufuna njira ya Switzerland, yokhala ndi mapangano opitirira 100 okambirana limodzilimodzi? Kapena ya Turkey, imene ili mu mgwirizano wa kasitomu pa katundu wa m'mafakitale koma kunja kwa msika umodzi? Kapena ya Canada, pangano la malonda lochotsa msonkho pa katundu wambiri koma losachotsa zikalata za pamalire? Kapena kutuluka popanda pangano, n'kumagulitsana potsatira malamulo a bungwe la WTO loona za malonda a padziko lonse, pomwe galimoto yolowa mu EU imalipira msonkho wa 10 peresenti?

Njira iliyonse ili ndi chimene imapereka ndi chimene imalanda. Mukayandikira msika, mumatsatira malamulo a eni msika. Mukafuna ufulu wodzipangira malamulo, malonda amakumana ndi zipsinjo. Wolankhula amene akulonjeza msika wa Norway pamodzi ndi ufulu wa Canada akulonjeza chinthu chimene mbali inayo sinavomerepo. Mufunseni mwaulemu kuti ndi dziko liti limene lili ndi pangano lotero.

Kusafunsa funsoli kunabala mavuto aakulu. Nduna yaikulu Theresa May itabweretsa pangano lake ku nyumba ya malamulo pa 15 Januwale 2019, aphungu 432 analikana ndipo 202 okha analivomera. Analikananso kawiri m'mwezi wa Malichi. Ena ankati likutulutsa dziko mopitirira, ena ankati silikutulutsa mokwanira, ndipo onse ankanena kuti akulemekeza voti ya anthu.

Chenjerani ndi mawu akuti "popanda msonkho". Pangano lomwe nduna yaikulu yotsatira, Boris Johnson, anagwirizana ndi EU pa 24 Disembala 2020 linachotsadi msonkho, koma pa katundu yekhayo amene wapangidwadi ku United Kingdom kapena mu EU. Amalonda athu odutsa pa Mwanza kapena pa Mchinji ndi chikalata cha SADC kapena cha COMESA chosonyeza komwe katundu wapangidwa amaidziwa nkhaniyi. Zovala zosokedwa ku Asia, zosungidwa m'nyumba yosungira katundu ku England kenako n'kutumizidwa ku sitolo ya ku Dublin ku Ireland, dziko la mu EU, zinayamba kulipira msonkho. Nyama, tchizi ndi nsomba zinayamba kufuna chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena wogwira ntchito wovomerezeka. Mu Januwale 2021 akasitomu a ku Netherlands analanda madalaivala ochokera ku Britain buledi wawo wa kamba chifukwa munali nyama. Kampani yaikulu imalemba munthu woona za zikalatazi. Wamalonda wamng'ono wotumiza mabokosi asanu pamwezi amangosiya kugulitsa kunja.

Tengani cholembera pa nkhani ya ndalama

Basi yofiira ya gulu lofuna kutuluka la Vote Leave inalembedwa kuti dzikolo limatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndipo ndi bwino ndalamazo zipite ku zipatala za boma za NHS. Yesani chiwerengerocho motere. Chulukitsani 350 miliyoni ndi masabata 52, mupeza pafupifupi 18 biliyoni. Imeneyo inalidi ndalama yomwe dzikolo linkawerengeredwa mu 2015, koma isanachotsedwe kanthu. Mu 1984 nduna yaikulu Margaret Thatcher anakambirana zoti dziko lake lizichotseredwa gawo la ndalamayo, ndipo mu 2015 gawolo linali pafupifupi 5 biliyoni. Ndalama imeneyi sinkachoka n'komwe ku London. Yotumizidwa inali pafupifupi 13 biliyoni, kapena 250 miliyoni pa sabata. Kuchokera pamenepo, ndalama zoposa 4 biliyoni zinkabwerera kudzera m'boma, makamaka kwa alimi ndi kumadera osauka monga Cornwall ndi kumadzulo kwa Wales. Yotsala inali pafupifupi 8.5 biliyoni, kapena 160 miliyoni pa sabata. Bungwe la UK Statistics Authority linanena poyera kampeni ili mkati kuti chiwerengero cha 350 miliyoni chinali chosocheretsa.

Ndalama yotsalayo si yochepa, ndipo wofuna kutuluka ali ndi ufulu wofunsa ngati inali yoyenera kulipidwa. Chinalakwika n'kutenga chiwerengero chachikulu kwambiri n'kuchilonjeza chonse ku zipatala.

Mbali inayo, ya ofuna kukhalabe, iyeseni ndi muyeso womwewo. Mu Epulo 2016 unduna wa zachuma, motsogozedwa ndi George Osborne, unati banja lililonse lidzataya mapaundi 4,300 pachaka. Anthu ambiri anamva ngati ndalamayo idzachoka m'thumba mwawo. Zomwe akatswiriwo anachita n'zakuti analosera kuti pofika 2030 chuma cha dziko chidzakhala chochepa ndi pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi mmene chikanakhalira dziko likanakhalabe mu EU, kenako anagawa kusiyanako ndi chiwerengero cha mabanja. Chuma cha dziko chogawidwa ndi mabanja si malipiro a banja. Ndiponso mawu akuti "chochepa kuposa mmene chikanakhalira" sakutanthauza "chochepa kuposa lero".

Pa chiwerengero chilichonse funsani zinthu zinayi: n'chisanachotsedwe kanthu kapena chotsala, n'cha chaka chiti, chikuyerekezedwa ndi chiyani, ndipo ndi gawo lanji la chuma chonse. Funso lomalizali limathandiza kwambiri. Usodzi unatenga malo aakulu pa mkangano ndi pa zokambirana ngakhale uli pansi pa 1 peresenti ya chuma cha dzikolo. Pangano latsopano la malonda ndi Australia, boma lenilenilo linawerengera kuti lidzawonjezera 0.08 peresenti pa chuma, pomwe mu 2015 EU inkagula 44 peresenti ya zonse zimene dzikolo linkagulitsa kunja.

Siyanitsani kulosera kwa mawa ndi kwa zaka zambiri

Mu Meyi 2016 unduna womwe uja unalosera kuti voti yotuluka idzagwetsa chuma nthawi yomweyo ndipo anthu osachepera 500,000 adzataya ntchito. Sizinachitike. Chimene chinachitika n'chakuti paundi inagwa usiku umodzi kuchoka pa madola pafupifupi 1.50 kufika cha m'ma 1.33, malo amene inali isanafikepo kuyambira 1985, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera m'chaka chotsatira. Ofuna kutuluka anatenga kulephera kwa ulosi umenewu ngati umboni woti akatswiri onse ndi abodza. Kumeneko n'kulakwitsanso. Kulosera za miyezi ikubwerayi kumadalira mantha a anthu ndi zimene banki yaikulu ichite, ndipo Bank of England inatsitsadi chiwongoladzanja mu Ogasiti 2016. Kulosera za nthawi yaitali kumadalira mfundo yokhazikika, yakuti malonda akakumana ndi zotchinga amachepa. Ofesi ya Office for Budget Responsibility, imene imawerengera boma bajeti mosakondera chipani, imagwira ntchito ndi chiyerekezo choti m'kupita kwa nthawi chuma chidzakhala chochepa ndi 4 peresenti kuposa mmene chikanakhalira. Muzinena kuti chimenechi ndi chiyerekezo, chifukwa mliri wa Covid-19 ndi kukwera kwa mitengo ya gasi mu 2022 zinagwera m'zaka zomwezo ndipo kuzilekanitsa n'kovuta.

Funsani kuti mphamvu ili m'manja mwa ndani

Nkhani ya anthu obwera kuchokera kunja ndi imene inakhudza mitima kwambiri. Mu 2015 olowa anaposa otuluka ndi pafupifupi 330,000, pomwe nduna yaikulu ya nthawiyo, David Cameron, analonjeza kutsitsa chiwerengerocho pansi pa 100,000. Gawani chiwerengerocho pawiri musanachigwiritse ntchito. Pafupifupi theka anali ochokera mu EU, amene boma silikanatha kuwaletsa. Theka linalo anali ochokera kunja kwa EU, amene boma linali ndi mphamvu zonse pa iwo. Dziko litatuluka, ochokera mu EU anachepadi, koma chiwerengero chonse chinakwera mpaka kupitirira 900,000 cha mu 2023, chifukwa boma linapereka ziphaso zambiri kwa ophunzira, anamwino ndi osamalira okalamba ochokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi mayiko ena. Lonjezo lokhala ndi mphamvu pamalire linakwaniritsidwa. Lonjezo limene ambiri anamva, loti obwera achepa, linali nkhani ina.

Chikwangwani china cha kampeni chinati Turkey, yokhala ndi anthu 76 miliyoni, ikulowa mu EU. Yesani mawu otere pofunsa njira yake. Dziko latsopano limalowa pokhapokha mamembala onse atavomera, ndiye kuti United Kingdom yokha ikanatha kukana. Zokambirana za Turkey zinayamba mu 2005, ndipo pa mitu 35 yofunika kumaliza, pofika 2016 unali utatsekedwa umodzi.

Mfundo yodzilamulira musaipeputse. Munthu akati akufuna kuti malamulo a dziko lake azipangidwa ndi aphungu amene iye angawachotse pa chisankho, sakunena za ndalama, ndipo simungamuyankhe ndi tebulo la ziwerengero. Ambiri ofuna kukhalabe analakwitsa pamenepa: ankayankha funso la ulamuliro ndi mitengo ya katundu, ndipo ena ankatenga aliyense wofuna kutuluka ngati mbuli kapena watsankho. Funso loyenera kwa munthuyo ndi ili: ndi lamulo liti limene mukufuna kusintha, ndipo mwakonzeka kulipira zingati? Kwa wofuna kukhalabe funso ndi ili: madera amene mafakitale anatsekedwa, amene anavota mwaunyinji kuti dziko lituluke, mukuwauza kuti chisinthe n'chiyani?

Yang'anani mapu

Malire apamtunda pakati pa Northern Ireland, chigawo cha United Kingdom, ndi dziko la Ireland, limene lili mu EU, ndi otalika pafupifupi makilomita 500, ndipo ali ndi misewu yodutsa yoposa 200. Pangano la mtendere la 1998 litathetsa zaka pafupifupi 30 za ziwawa, malirewo anakhala osaoneka. Mkaka wokamidwa kumpoto umakakonzedwa kufakitale ya kum'mwera, anthu amagona mbali ina n'kumagwira ntchito mbali inayo. Pa kampeni nkhaniyi inatchulidwa mwa apo ndi apo, koma ndi imene inamanga zokambirana zonse. Boma linkafuna zinthu zitatu: kutuluka mu msika umodzi ndi mu mgwirizano wa kasitomu, kusaika zipata pachilumba cha Ireland, ndi kusaika zipata pakati pa Northern Ireland ndi Great Britain. Ziwiri zilizonse zinali zotheka, zitatu pamodzi ayi. Mapeto ake katundu amayenderedwa pamadoko a Northern Ireland, ndipo pangano la Windsor la Febuluwale 2023 linangopeputsa ntchitoyo.

Onaninso mmene zigawo za dziko zinavotera. England ndi Wales anati atuluke, Scotland inati ikhalebe ndi 62 peresenti, Northern Ireland ndi pafupifupi 56. Dziko lotuluka mu mgwirizano limatha kugwedeza mgwirizano wa mkati mwake.

Werengani lamulo lotulukira

Ndime 50 ya pangano la EU imati dziko likapereka chidziwitso, pali zaka ziwiri zokambirana. Zikatha popanda pangano, dzikolo latuluka basi, pokhapokha mayiko onse otsala atavomera kuwonjezera nthawi. Lamulo lotere limakomera otsala, chifukwa nthawi ikamatha wopanikizika ndi wotulukayo. Theresa May anapereka chidziwitso pa 29 Malichi 2017 nduna zake zisanagwirizane za komwe akupita, ndipo dzikolo linapempha nthawi yowonjezera katatu. La ECOWAS limapereka chaka chimodzi chokha.

Pali ngongole. Monga membala wa banki m'khonde sangatuluke gulu asanabweze zimene anakongola, United Kingdom inayenera kulipira gawo lake la zimene inavomereza kale mu bajeti ndi mapenshoni a ogwira ntchito, ndalama zimene boma linayerekeza pakati pa mapaundi 35 ndi 39 biliyoni. Pali anthu: nzika za EU zoposa 3 miliyoni zokhala ku Britain, ndi a ku Britain oposa 1 miliyoni okhala mu EU, onse ofuna kudziwa za ntchito, chipatala ndi sukulu ya ana awo. Pali mapangano ndi mayiko ena amene amatha mphamvu tsiku lotuluka. Malawi ankalowetsa shuga ndi katundu wina ku Britain popanda msonkho pansi pa ndondomeko ya EU yothandiza mayiko osauka. Britain inayenera kulemba ndondomeko yakeyake kuti mwayiwo upitirire, ndipo yomwe ilipo tsopano inayamba mu Juni 2023.

Malamulo a voti yeniyeniyo

Onani kalembedwe ka funso. Loyamba linkafuna yankho la inde kapena ayi pa kukhalabe, ndipo bungwe loyendetsa zisankho linalangiza kuti lisinthidwe chifukwa linkakomera mbali imodzi. Onani amene akuloledwa kuvota. Nzika za mayiko a Commonwealth zokhala ku Britain movomerezeka, kuphatikizapo Amalawi ndi a ku Zambia, zinavota. Nzika za France kapena Poland zimene zinakhalako zaka makumi awiri sizinavote, chimodzimodzinso a ku Britain amene anakhala kunja zaka zoposa 15. Onani malire opambanira. Montenegro potuluka mu mgwirizano wake ndi Serbia mu 2006 panafunika 55 peresenti, ndipo inapeza 55.5. Pa Brexit kuposa ndi voti imodzi kunali kokwanira, ndipo ofuna kutuluka anali pafupifupi 37 peresenti ya onse olembetsa, poti ovota anali 72 peresenti. Mwalamulo riferendamuyo inali yongolangiza, ndipo mu Januwale 2017 khothi lalikulu linagamula kuti boma silingapereke chidziwitso popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Koma boma linali litatumiza kabuku kunyumba iliyonse kolonjeza kuti lidzachita zimene anthu asankhe. Zoterezi zimafunika kumveka voti isanachitike. Kuzidzutsa zotsatira zitatuluka kumaoneka ngati kukana kugonja.

Ngati mukuyendetsa mtsutso

Lembani mutu wokhala ndi komwe mukupita, mwachitsanzo "dziko lituluke ndipo ligulitsane ndi mgwirizanowo ngati Canada", osangoti "dziko lituluke". Masiku awiri kapena atatu mtsutso usanachitike, uzani mbali iliyonse ikupatseni ziwerengero zosaposa zisanu zimene idzagwiritse ntchito, chilichonse ndi chaka chake ndi ofesi imene inachitulutsa. Chiwerengero chosaperekedwa chisaloledwe pabwalo. Patsani olankhula awiri mbali iliyonse mphindi zisanu ndi ziwiri aliyense, kenako mphindi khumi zofunsana okhaokha, chifukwa pofunsana m'pamene malonjezo osagwirizana amaonekera. Musanapite kwa omvera, uzani mbali iliyonse inene chinthu chimodzi chimene dziko lidzataye mbaliyo ikapambana. Wokana kuyankha, omvera adzamuona okha.

Nthawi yofanana imaperekedwa pa nkhani za maganizo. Chinthu chotheka kuchitsimikiza, monga kuchuluka kwa ndalama yotumizidwa, muchikonze pomwepo inuyo woyendetsa, osachisiya ngati nkhani ya "awa akuti, awo akuti". Pa wailesi khalani ndi munthu wachiwiri wogwira pepala la ziwerengero zija, chifukwa woulutsa sangamvere, kufunsa ndi kuwerengera nthawi imodzi.

Dulani msanga mawu otchula anthu kuti ogulitsa dziko, adani kapena obwera, ndipo lamuloli mulilengeze poyamba kuti wodulidwa asati mwamukondera mnzake. Patatsala sabata imodzi kuti voti ichitike, pa 16 Juni 2016, phungu Jo Cox, amene ankachita kampeni yoti dziko likhalebe, anaphedwa ku Birstall, m'dera lake, ndi munthu wa maganizo a tsankho, ndipo mbali zonse zinaimitsa kampeni kwa masiku angapo. Ngati mtsutso wanu uli pabwalo la anthu ambiri, gwirizanani ndi eni malo za olondera pakhomo, konzani khomo lotulukira olankhula, ndipo mafunso a omvera alembedwe pamapepala kuti muziwawerenga inuyo.